Njinga zinayi ndi kapikapu kamodzi: zolemba za mpikisano wa ku Karonga

Loweruka loyamba la Meyi

Kabuku aka ndakayamba chifukwa cha mkangano wa dzana. Tinakhala pakhonde pa alamu anga ku Chibavi kutsutsana za tcheni cha njinga ya Aphunzitsi, wina akuti tinasintha mu Febuluwale, wina akuti chaka chatha, mpaka tiyi anazizira popanda wopambana. Ndiye ndinati kuyambira lero chilichonse chothyoka, chogulidwa, ngakhale chongolira pa njinga, ndizilemba.

Pangano lathu ndi anyamata a ku Luwinga lili chonchi. Loweruka lomaliza la Julayi tinyamuka pa njinga pa Katoto ku Mzuzu 5 koloko m'mawa, kutsata M1 mpaka pa raundabauti ya Karonga, makilomita pafupifupi 220, tsiku limodzi. Gulu lililonse lionetsa anthu anayi, ndipo nthawi ya gulu iwerengedwa akafika wachitatu. Galimoto yotsatira ikhoza kunyamula madzi, chakudya ndi zitsulo, koma amene wakwera galimoto watuluka mu mpikisano. Kusintha wilo kapena tcheni n'kololedwa, kusintha njinga yathunthu ayi. Ogonja agulira opambana mpunga wa Kilombero konko ku Karonga, aliyense kathumba kake.

Julayi tinasankha dala. Kunyanja kumakhala kusanayambe kuwotcha, komanso mwera umawomba kuchokera kummwera, ndiye tikatsika Chiweta uzitikankha kumsana.

Opalasa ndife anayi: ine, Aphunzitsi, achemwali amene amagulitsa nsalu ku msika wa Taifa, ndi mphwanga wathu wa Sacramento. Amene simunakhaleko ku Mzuzu, Sacramento ndi kabaza wa njinga. Mnyamatayu miyendo yake ndi ina, amakwera chitunda atanyamula mayi ndi thumba la makala uku akuimba mluzu. Alamu ndi oyendetsa kapikapu. Wachisanu ndi chimodzi, amene sapalasa koma popanda iwo palibe gulu, ndi a Mdala okonza njinga pansi pa mtengo kufupi ndi msika wa Zigwagwa.

Njinga zonse ndi za kaunjika. Ya mphwanga ndiye tinachita kulumikiza kuchokera ku mitembo ya njinga zitatu.

Lamulungu, sabata yachiwiri ya Meyi

Dzulo tinapita ku Nkhata Bay ndi kubwerera, makilomita ngati 47 kupita, enanso kubwera. Kupita n'kwabodza, munthu umangotsetsereka kuchoka pamtunda wa mamita oposa 1,200 kukafika kunyanja kumene sikufika ndi 500 komwe. Ngongole yake umalipira pobwera.

Titadutsa Mpamba, njinga ya Aphunzitsi inayamba kudumphitsa tcheni. Akaponda mwamphamvu, khwa! phazi lapita pansi lopanda kanthu. Kawiri konse anatsala pang'ono kugwera kutsogolo. Chitunda chonse anamaliza akupalasa mofatsa ngati apita ku maliro.

Madzulo a Mdala anatenga rula ya ana asukulu n'kuyeza. Akuti tcheni chatsopano, mfundo 12 zathunthu zimakwana mainchesi 12 ndendende, ndiye chikapitirira ndi kachidutswa kongoposa milimita imodzi ndi theka, chatha. Cha Aphunzitsi chinapitirira ndi mamilimita oposa atatu. Anthu timati tcheni chatamuka, koma sichitamuka ayi, ndi timisomali ta m'mfundo timene timadyeka ndi fumbi losakanikirana ndi oyilo. Tinayeza zonse zinayi. Chabwino chinali chimodzi chokha, cha achemwali, amene amapukuta chawo ndi kansanza Lamulungu lililonse ife tikuwaseka.

Lachitatu lotsatira

Tagula tcheni chatsopano, tamanga, ndipo chikudumpha kuposa chakale. Aphunzitsi anafuna kukabweza kusitolo ali ndi mawu okonzeka kale. A Mdala anawakhazika pansi n'kuwaonetsa mano a magiya a kumbuyo: asongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati minga ya kankhande. Tcheni chakale chinadya manowo mpaka zinazolowerana, chatsopano chikusowa pogwira. Ndiye kuti magiya a kumbuyo nawonso agulidwe. Tikanasintha tcheni mwezi wa Febuluwale umene tinkakanganirana uja, ndalama iyi sikanatuluka.

Thumba lathu ndi losonkherana mwezi ndi mwezi, ndipo amasunga ndi achemwali. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja ukafunsa mtengo lero, sabata yamawa usadalire.

Loweruka lomaliza la Meyi

Masipoko. Nkhani iyi yatidyera sabata ziwiri ndipo inatsala pang'ono kuphwasula gulu.

Wilo la kumbuyo la mphwanga linadula sipoko imodzi ku Ekwendeni. Tinaika ina. Patapita masiku anayi, ina thi! Tinaikanso. Kenaka ziwiri nthawi imodzi, wilo n'kuyamba kuvina mpaka kukhula mabuleki. Aphunzitsi anapsa mtima, akuti mnyamatayu amapalasa ngati wanyamula matumba a simenti, sadziwa kulewa maenje, ndipo thumba la gulu silingamathere pa munthu mmodzi. Mphwanga sanayankhe. Anangotsamiritsa njinga pa mtengo, n'kutenga yake ya Sacramento, ulendo. Masiku atatu foni osayankha.

Ine ndinatola masipoko odukawo n'kupita nawo kwa a Mdala. Anawayala padzanja. Onse anayi anadukira malo amodzi, pa kagongono kamene kamakola pa habu, pakati pa wilo paja, ndipo onse ndi a mbali ya tcheni. Anati: “Mwana uja mukumulakwira. Wilo ili linatopa lisanafike m'manja mwake.” Anafotokoza kuti sipoko ikakhala yosakoka bwino, wilo likamazungulira imamasuka n'kukokekanso, kumasuka n'kukokekanso, ngati mmene timathyolera waya poupindapinda. Imodzi ikaduka, zinzake zatsala pang'ono, chifukwa zonse zayenda ulendo umodzi. Kuika imodziimodzi kuli ngati kusoka chigamba pa nsalu yofuka.

Tinagwirizana zomanga wilo lonse mwatsopano, masipoko onse 36. Ndinakhala pa chidebe kuonerera. A Mdala alibe chida choyezera kukoka kwa sipoko, amangoikhwatcha ndi chala ngati chingwe cha banjo n'kutchera khutu. Yolira motsika amaikoka pang'ono, yolira mokwera amaimasula. Kenaka amagoneka wilo pansi, kulitsamira ndi manja awiri mpaka limveke kuti tetete, kulitembenuza, kutsamiranso, n'kubwerera kukawongola. Maola atatu. Kasitomala wina wa chubu chophulika anadikira mpaka anatopa n'kuchoka, iwo osadzutsa ndi mutu womwe.

Zokapepesa ndinawasiyira Aphunzitsi eni ake. Anapita pa siteji pamene mphwanga amaima, anakwera Sacramento yake ngati kasitomala mpaka ku Zolozolo, ndipo zimene anakambirana m'njira sanatiuze. Lero mphwanga anali woyamba kufika.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Juni

Palibe chachitika. Kamvula kowaza ndi chisanu choluma zala, kenaka maliro kwa apongozi a alamu ku Mzimba. Njinga zangokhala.

Loweruka, sabata yachitatu ya Juni

Tinafika ku Bwengu ndi kubwerera. Aphunzitsi anaphulitsa kawiri. Machubu onse awiri anali ndi timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Si minga imeneyo. Ndi mpweya wochepa: tayala likagunda mlomo wa dzenje, limu imatsina chubu. Matayala awo ndi aang'ono ngati chala, amafuna kupopa mpaka gwa, pamene athu aakuluwa amakhululuka.

Chochititsa manyazi n'chakuti pampu imene tinanyamula sinalowe pa vavu yawo. Pagulu pathu pali mavavu a mitundu itatu: yonenepa ngati ya galimoto, yowonda yokhala ndi kanati pamwamba, ndi ija ya njinga zakumudzi ya kamphira mkati. Anthu anayi akuluakulu, mmodzi mphunzitsi, tinaima m'mbali mwa msewu ku Enukweni kuyang'anizana ndi pampu. Anatipulumutsa ndi mnyamata wina wokonza njinga pamenepo, amene anakulunga kachidutswa ka chubu pa vavu n'kupopa mwamsangamsanga mpweya usanathawe. Tinamupatsa ya sopo, iye n'kutiuza mu Chitumbuka mawu amene mphwanga anakana kutimasulira.

Tagula pampu ya milomo iwiri. Machubu osungira: asanu ndi limodzi, aliyense m'kapepala kake kolemba mwini.

Lachisanu lotsatira

Kapikapu ka alamu kanabwatitsa madzi pa chitunda cha ku Chikangawa atapita kukatenga matabwa. Paipi ya pansi ya radiyeta inang'ambika. Alamu akuti ndi zazing'ono, amanga ndi mphira. Ndawauza kuti alamu, mphira ndi wa legeni, gulani paipi. Sanakondwe, koma mlongo wanga anandithandiza kulankhula ndipo paipi yagulidwa. Mafuta tayamba kusunga m'zigubu ziwiri, poti za pa filing'i siteshoni sizipanganika.

Loweruka loyamba la Julayi

Lero tinakweza njinga pa kapikapu mpaka kupitirira Phwezi kuti tikayese kutsika Chiweta. Ndikuthokoza kuti tinatero.

Amene anadutsako pa basi amadziwa kukongola kwake, nyanja kuonekera pansi uko mbee, anyani ali m'mbali mwa msewu kudikira zotaya apaulendo. Pa njinga zokongolazo suziona. Maso amakhala pa phula, makutu ali kumbuyo kumvetsera mathanki a mafuta ndi malole a malasha, zala zitakanirira pa mabuleki. Makona ake ndi okhota ngati chigongono, ndipo ukangomasula pang'ono njinga imathawa.

Ine ndinali kumbuyo kwa Aphunzitsi. Iwo ndi munthu wamantha potsika, ndiye anagwira mabuleki onse awiri kuyambira pamwamba osasiya. Tili chapakati ndinamva fungo la mphira wopserera, ndisanakuwe n'komwe, phuu! Chubu cha kutsogolo. Mwayi wake anali atachepetsa kale liwiro polowa pakona, ndiye anangogwera m'maudzu n'kusupuka chigongono ndi bondo. Nditakhudza limu ndinachotsa chala msanga, inali ngati chiwaya cha chipisi.

Mabuleki athu onse ndi ogwira pa limu. Ukawakanikiza mtunda wautali limu imatentha, mpweya wa m'chubu umafufuma, zigamba zakale zimasungunuka guluu wake, ndipo china chake chimagonja. Chubu cha Aphunzitsi chinali ndi zigamba zitatu. Mphwanga, amene anafika pansi kalekale n'kubwereranso kudzatiyang'ana, anawaphunzitsa aphunzitsi ake: gwirani mwamphamvu kanthawi kochepa musanafike pakona, kenaka siyani izizire, muzisinthanitsa ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndipo mudzuke pachifuwa kuti mphepo ikugwireni. Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto, magazi akuchucha pa sokosi.

Tagwirizana kuti pa tsikulo tidzaima kamodzi pakati pa chitsikirocho kukhudza malimu, ngakhale a ku Luwinga atidutse. Mawilo a kutsogolo onse alandira machubu opanda chigamba. A Mdala apezanso kuti limu ya kutsogolo ya achemwali yadyeka mpaka kulowa mkati ngati supuni. Yasinthidwa, ndipo thumba latsala lopepuka kwambiri.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri

Zonse zayang'anidwa. Mahabu atsukidwa ndi palafini, timipira tachitsulo tatsopano, 9 mbali iliyonse kumbuyo, 10 mbali iliyonse kutsogolo, girizi wokwanira. Mawaya a mabuleki atsopano. M'bokosi la pa kapikapu muli machubu, tayala limodzi la saizi iliyonse, masipoko, chodulira tcheni, masipanala, pulayala, mbatata yophika, nthochi, mtedza, mchere ndi shuga wosungunula m'madzi. A Mdala sapita nawo, akuti Loweruka ndi tsiku la ndalama pansi pa mtengo wawo. Anandifunsa kuti, “Nanga yanuyo ilibe dandaulo?” Ndinati ilibe.

Lolemba, titabwerako

Ndinanama, ndipo ndiyambire pomwepo.

Kuyambira ulendo wa ku Bwengu uja, njinga yanga inkalira kuti ke, ke, ke, nthawi iliyonse phazi lamanzere likatsika. Ndinkamva. Ndinadziuza kuti ndi nsapato, tsiku lina ndinati ndi sadulo. Bwererani m'mwambamu muone ngati ndinalembapo. Tcheni cha Aphunzitsi chilimo, masipoko a mphwanga alimo, mphira wa alamu ulimo. Kulira kwa njinga yanga mulibe. Thumba linali litatha, ine ndi amene ndinkalalatira anzanga za kusamala, ndiye ndinaona ngati ndikatchula ndichita manyazi.

Tinanyamuka 5 koloko kuli nkhungu yoti nyali ya kapikapu imangothera pamphuno. Zala zinachita dzanzi tisanafike ku Ekwendeni. Dzuwa linatipeza cha ku Enukweni, magulu onse awiri tili mulu umodzi, kusinthana kutsogolo ngati abale. Chigwa cha South Rukuru tinachidutsa bwino. Pa chitunda chokwera tisanayambe kutsika, a ku Luwinga anatisiya pang'ono, ife osatekeseka. Chiweta tinatsika monga tinapanganirana, tinaima pakati, tinakhudza malimu, Aphunzitsi anafika pansi akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Mwera unalipo ndithu, nyanja ili ndi mafunde oyera, ndipo tinayamba kuwaona a ku Luwinga patsogolo ngati timadontho.

Kulira kuja kunali kutasanduka gwede gwede. Tisanafike pa Chitimba, pamene pamapatukira msewu wokwera ku Livingstonia, ndinamva pedulo yamanzere ikupendama pansi pa phazi. Ndinayang'ana, mkono wonse wa pedulo ukugwedezeka pa ekiselo. Bawuti yake inali itamasuka kalekale. Mkonowo ndi wa aluminiyamu ndipo bowo lake ndi la makona anayi, ekiselo ndi yachitsulo cholimba. Sabata zisanu zopalasa zili zomasuka, chitsulo chinadya makona onse, bowo n'kukhala lozungulira ngati la mphika. Bawutiyo imafuna soketi ya 14, ndipo m'bokosi lathu lodzaza bwino lija munalibe. Alamu anakumba pansi pa mpando n'kupeza yawo ya galimoto, yonenepa moti sinalowe.

Mphwanga anadula chitini cha chakumwa ndi mpeni, anakulunga kachidutswa pa ekiselo, anakhomera mkono ndi mwala, n'kumanga bawuti ndi nsonga ya pulayala. Zinatidyera mphindi 25. Zinagwira makilomita osakwana khumi, kenaka mkono unagwa pa phula, ngwe! n'kugubuduka kulowa m'munda wa chinangwa. Ndinautola ndekha. Achemwali anandiyang'ana n'kufunsa funso limodzi: “Achimwene, chinayamba liti?” Ndinawauza zoona. Sananene kanthu, anangomwa madzi n'kukwera njinga.

Ndinakweza yanga pa kapikapu. Tatsala atatu, ndiye kuti wina aliyense akangothyoka, gulu latha.

Kukhala pa galimoto n'kumaonerera anzako akuvutika ndi chilango chokwanira. Alamu sanandinyoze, chimene chinandiwawa koposa. Anangondipatsa nthochi.

Titadutsa Uliwa msewu unali wa maenje, ena odzaza mchenga. Achemwali anazemba dzenje limodzi n'kugwera lina, njinga inagwa cha kumanja, iwo anadzuka bwinobwino n'kupitiriza. Chimene sitinaone n'chakuti kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya kanali katapindikira mkati. Kachitsulo kameneka amakapanga kofewa dala kuti kazipindika iko m'malo mwa felemu. Pa kachitunda kotsatira anasinthira giya yofewa, chosinthira chija chinalowa m'masipoko, khwatcha! Wilo linaima nji. Chosinthira chinathyoka pawiri, tcheni chinapotoka, masipoko atatu anaduka.

Apa ndi pamene mtembo wa njinga yanga unagwira ntchito. Wilo langa silikanalowa, poti langa ndi la mainchesi 26 pamene lawo ndi lalikulu, ndipo masipoko osungira sitikanawaika mbali ya magiya popanda chomasulira chimene chinatsala kwa a Mdala. Koma tcheni changa chinali chamoyo. Tinachotsa chosinthira chothyokacho, tinadula tcheni changa kuti chifupike, n'kuchimanga pa giya imodzi yapakati, kutsogolo ndi kumbuyo zikuyang'anizana. Masipoko odukawo mphwanga anawapotera pa anzawo, anamasula pang'ono a mbali inayo kuti wilo lichepetse kuvina, n'kutsegula buleki ya kumbuyo kuti isakhule. Ana a pamudzipo anatizungulira, wina atagwira mabawuti m'chipewa chake ngati wapatsidwa udindo waukulu. Mayi wina anatibweretsera madzi osamba m'manja m'beseni osapemphedwa.

Ndinawauza achemwali kuti akafuna kusiya palibe awadzudzule. Anati iwo anatseka malonda Loweruka la kumapeto kwa mwezi, ndiye Karonga akamuona ali pa njinga.

Makilomita otsalawo anapalasa ndi giya imodzi ndi buleki imodzi. Tcheni chinagwa kanayi, kanayi konse ndinadumpha pa kapikapu kukabwezera, manja bii. Mphwanga ndi Aphunzitsi anawaika pakati, ndipo pa timapiri mphwanga ankapalasa ndi dzanja limodzi, linalo lili pamsana pa achemwali. Cha ku Ngara dzuwa linali litapendeka, asodzi akukonza nyali za usipa. Mdima unatigwira tisanalowe m'tauni, alamu n'kumawaunikira kumbuyo ndi nyali za galimoto, tizilombo tikuwulukira m'kuwalako.

Tinafika pa raundabauti nthawi ili 6:50. A ku Luwinga anafika cha m'ma 4:30, anali atasamba kale, ndipo nawonso anataya munthu mmodzi, wa mwendo wokokana. Anatiwombera m'manja ndithu, koma mpunga sanakhululuke. Lamulungu m'mawa tinagula matumba anayi, ndipo ndinalipira awiri ndekha popanda wondiuza.

Lachitatu

Ndapita ndi mkono wa pedulo uja kwa a Mdala. Anauzunguza pa chala, analowetsa chala chaching'ono m'bowo, n'kundibwezera. Akuti ndikanabwera nawo mu Juni, inali ntchito ya mphindi imodzi ndipo sakanandilipiritsa. Tsopano pafunika mkono wina, ndipo a saizi imeneyi akuti ndikafufuze m'milu ya zakale, mwina Loweruka.

Zofunika pa njinga ya achemwali: kachitsulo kopachikira, chosinthira magiya, tcheni, ndi wilo lomangidwanso. Kachitsuloko kali ndi maonekedwe akeake pa mtundu uliwonse wa felemu, ndiye tatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa msuweni wa Aphunzitsi ku Lilongwe. Ya Aphunzitsi ilibe vuto. Wilo la mphwanga lija, limene tinkati likutha ndalama, lafika ku Karonga ndi masipoko onse 36 ali chilili.

A ku Luwinga akuti tibwereze chaka chamawa, koma chobwerera, kuchoka ku Karonga kudzathera ku Mzuzu, Chiweta chokwera ndi mwera kumaso. Mphwanga wavomera tisanafunsidwe. Achemwali akuti ayankha njinga yawo ikadzuka. Kabukuka kuyambira lero kazikhala kwa iwo, ndipo alamula kuti Lamulungu lililonse aliyense azikwera njinga ya mnzake kuzungulira Chibavi kamodzi, n'kunena chimene wamva. Soketi ya 14 ndagula, ili m'bokosi.